World Cup isanabadwe: zikho za tiyi, sopo ndi anyamata a ku mgodi

Mukayang'anitsitsa jezi ya Uruguay muona nyenyezi zinayi pamwamba pa baji, chonsecho World Cup anaitenga kawiri kokha, 1930 ndi 1950. Ena amangoti nkudzikweza basi, koma nkhani yake ndiyaitali ndipo kuti muimvetse mukuyenera kubwerera mmbuyo ndithu, nthawi imene mpira wa maiko unalibe mwini wake weniweni, aliyense amene anali ndi kandalama amangogula chikho nkuitana matimu. Ambirife tinakula tikumva kuti zonse zinayambira ku Montevideo mu 1930, ngati kuti mmbuyomo maiko samakumana. Amakumana, kwa zaka pafupifupi 60, ndipo chimene chimawapweteketsa mitu nthawi yonseyo chinali ndalama: ulendo alipire ndani, komanso wosewera mpira ndi wololedwa kulandira kangachepe kapena azingosewera chifukwa choukonda.

Gemu yoyamba ya dziko ndi dziko imene imawerengedwa inachitika pa 30 November 1872 ku Glasgow, Scotland ndi England, pa bwalo la cricket la Hamilton Crescent, ndipo inatha duu kwa duu. Timu yonse ya Scotland inachokera ku kalabu imodzi, Queen's Park. Pofika 1884 England, Scotland, Wales ndi Ireland anayamba kupikisana chaka ndi chaka mu British Home Championship, umene ndi mpikisano wa maiko woyamba padziko lonse, ndipo unakhala zaka 100 zathunthu mpaka anauthetsa mu 1984, omaliza kuutenga ndi Northern Ireland. Vuto lake linali loti anthu amenewa amaona kuti mpira ndi wawo, malamulo analemba okha, nde akamaseweretsana anayi okhawo kwa iwo limenelo linali dziko lonse. Pamene FIFA imakhazikitsidwa ku Paris pa 21 May 1904 panali France, Belgium, Denmark, Netherlands, Spain, Sweden ndi Switzerland, England kunalibe, analowa chaka chotsatira mokokedwa.

Nde popeza FIFA yo inalibe ndalama kapena mphamvu zoyendetsera mpikisano wakewake, mpira unakabisala ku Olympics. Zoyambirira zinali zoseketsa kunena zoona. Ku Paris mu 1900 kunali matimu atatu okha, ndipo imene imaimira Britain inali kalabu ya ku London yotchedwa Upton Park. Ku St. Louis mu 1904 kunalinso atatu, Galt FC ya ku Canada ndi matimu awiri a mu mzinda momwemo, ina ya pa koleji ina ya pa parishi, Galt nkuwathidzimula onse 7-0 ndi 4-0, mpaka lero Canada ili ndi golide ya mpira wa amuna ya chaka chimenecho. Zenizeni zinayamba 1908 ku London pamene kunabwera matimu a maiko. France inatumiza matimu awiri ndipo onse anakumana ndi Denmark, yoyamba inadya 9-0 yachiwiri 17-1, Sophus Nielsen yekha anamwetsa zigoli 10 gemu imodzi, a France manyazi anawagwira mpaka anakana kusewera gemu yolimbirana malo achitatu. Mu timu ya Denmark yo munali Harald Bohr, katswiri wa masamu, mng'ono wake wa Niels Bohr uja wa sayansi amene anadzalandira Nobel. Fainolo Britain inapambana 2-0.

Dzina la Bohr likukuuzani kale mtundu wa anthu amene amapita ku mipikisano imeneyi. Olympics imalola osewera osalipidwa okha, nde amene akanatha kusiya ntchito masabata awiri atatu osalandira kanthu ndi ndani? Ana a sukulu za ukachenjede, madokotala, akuluakulu a asilikali, ana a anthu ochita bwino. Munthu wa mu fakitale kapena wa ku mgodi akajomba sabata imodzi ana kunyumba agona ndi njala. Ku England mpira wolipidwa anauvomereza kale mu 1885, kutanthauza kuti akatswiri enieni a Aston Villa kapena Newcastle samaloledwa ku Olympics, ndipo Britain imatumiza timu ya osalipidwa nkumawinabe, 1908 komanso 1912 ku Stockholm kumene anagonjetsanso Denmark 4-2. Lamulo limeneli limaoneka ngati loteteza ulemu wa masewero koma ntchito yake yeniyeni inali kusefa anthu.

Apa mpamene pakubwera nkhani imene ine ndimaikonda kuposa zonse. Thomas Lipton, mkulu wa ku Glasgow amene analemera ndi magolosale komanso minda ya tiyi ku Ceylon, Lipton yemweyu wa pa paketi yachikasu, anapereka chikho kuti matimu a maiko osiyanasiyana akalimbirane ku Turin, Italy, mu 1909. Zinali ngati bonanza ija amakonza wabizinesi pa trading kuti dzina lake limveke, kungoti iyi inali yodutsa malire. Italy, Germany ndi Switzerland anatumiza matimu. Bungwe la mpira la England, FA, linakana kutengako mbali, ndipo mmalo mwa timu yaikulu kunapita West Auckland, kakalabu ka mmudzi wa ku County Durham kumpoto kwa England, ambiri mwa osewera ake anali okumba malasha. Pali kankhani kamene amakakamba koti kalata imapita kwa Woolwich Arsenal nkusochera chifukwa zilembo zoyamba ndi zofanana, koma imeneyo ndi nthano yokometsera chabe.

Anyamatawa anadzilipirira okha ulendo, ena mpaka kupinyolitsa katundu wa mnyumba, anakwera sitima ya pamadzi ndi ya pamtunda mpaka ku Turin, nkukagonjetsa Sportfreunde ya ku Stuttgart 2-0, kenako Winterthur ya ku Switzerland 2-0 mu fainolo. Mu 1911 anabwereranso kukateteza chikho, anachotsa FC Zürich 2-0 ndipo mu fainolo anakumana ndi Juventus pakwawo pomwe nkuimwetsa 6-1. Eya, Juventus yomweyi. Malamulo amati ukawina kawiri chikho ndi chako, nde anabwera nacho kumudzi. Koma anafika ali ndi ngongole zokhazokha, kalabu inabwereka mapaundi 40 kwa mayi wa hotela imene amachitirako misonkhano, chikho nkukhala chikole, ndipo chinakhala mmanja mwa banja limenelo mpaka 1960 pamene anthu a mmudzimo anasonkherana mapaundi 100 kuchiwombola. Mu 1994 akuba anachitenga ndipo sichinapezekenso, chimene chilipo pano ndi chongofanizira. Kwawoko amautcha World Cup yoyamba, zimene nzokokomeza pakuti anali makalabu anayi okha, koma ganizo loti matimu awoloke malire kukalimbirana chikho chimodzi FIFA isanathe kuchita zimenezo linali lomwelo.

Lipton yemweyo anali atapereka kale chikho china ku South America mu 1905, Copa Lipton, choti Argentina ndi Uruguay azilimbirana, ndalama za pa geti zizipita kwa osauka. Ndipo kumeneku nkumene mpira wa maiko unakula msanga kuposa ku Ulaya, pa chifukwa chosavuta kumvetsa: Buenos Aires ndi Montevideo angolekanitsidwa ndi mtsinje wa Río de la Plata, umakwera boti madzulo mmawa wafika, ulendo wotchipa, nde maiko awiriwa amasewera kangapo pa chaka kuyambira 1902, zikho zambirimbiri, Copa Lipton, Copa Newton ndi zina. Mpira unabwera ndi Angerezi a ku njanji ndi ku madoko koma posakhalitsa unalowa mmakwalala a anthu osauka ndi ana a anthu obwera kuchokera ku Italy ndi Spain, amene anayamba kusewera mpira wapansi, wopatsirana pafupipafupi ndi kuzulana, osati womangoutaya kutsogolo nkumathamangira.

Mu July 1916 Argentina ikukondwerera zaka 100 za ufulu inaitana Brazil, Chile ndi Uruguay, ndipo mpikisano umenewu ndi umene lero timati Copa América. CONMEBOL ya ku South America inabadwa mkati mwa mpikisano womwewo pa 9 July, bungwe loyamba la mpira la kontinenti, UEFA inadzabwera 1954, CAF 1957. Gemu yoyamba Uruguay inaswa Chile 4-0, ndipo a Chile anakadandaula kuti Uruguay yabera, yaseweretsa anthu awiri a ku Africa. Anthu ake anali Isabelino Gradín ndi Juan Delgado, akuda inde, koma obadwira ku Uruguay konko, zidzukulu za anthu amene anatengedwa ukapolo kuchoka ku Africa. Dandaulo linakanidwa. Gradín anamaliza mpikisanowo ndi zigoli zitatu, zambiri kuposa aliyense, ndipo mkuluyu analinso katswiri wa mjaha wa mamita 200 ndi 400 ku South America konse. Gemu yomaliza ya Argentina ndi Uruguay inalephereka tsiku loyamba chifukwa anthu anadzaza mopyola, kunabuka chipolowe mpaka mipando ya matabwa kuyatsidwa moto, anakaisewera mawa lake pa bwalo la Racing Club, inatha 0-0 ndipo chikho chinapita ku Montevideo.

Wa 1918 anauimitsa kamba ka mliri wa chimfine uja unapha anthu padziko lonse, nde unachitika 1919 ku Rio de Janeiro. Brazil ndi Uruguay anafanana mapointi, anaseweranso gemu ina yopezera katswiri, mphindi 90 palibe chigoli, nthawi yoonjezera palibe, ma penate kunalibe nthawi imeneyo nde anaonjezeranso ina, gemu yonse mphindi 150. Anagoletsa ndi Arthur Friedenreich, bambo ake ochokera ku banja la ku Germany mayi ake akuda a ku Brazil, ndipo chimenecho ndiye chikho choyamba cha Brazil. Mpikisano womwewo goloboyi wa Uruguay Roberto Chery anavulala pa gemu ya Chile ndipo anamwalira patangopita masiku ochepa ali ku Rio konko.

Ku Asia nako samagona, ngakhale nkhani yake simveka. Far Eastern Championship Games anayamba mu 1913 ku Manila, Philippines inagonjetsa China 2-1, ndiye kuti Asia inali ndi mpikisano wa maiko Copa América isanayambe. Mu 1917 ku Tokyo Philippines inakwapula Japan 15-2, Japan yomweyi imene lero imavutitsa Germany ndi Spain, ndipo mu timu ya Philippines munali Paulino Alcántara wa Barcelona amene mbiri yake ya zigoli ku kalabuyo inadzaphwanyidwa ndi Messi mu 2014. China ndi imene inkalamulira mpikisanowu mpaka unatha 1934 ndale za China ndi Japan zitafika poipa.

Itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse Olympics inabwerera ku Antwerp mu 1920, Germany, Austria ndi Hungary osaitanidwa. Kumeneku Africa inaonekera koyamba: Egypt, motsogozedwa ndi Hussein Hegazi amene anasewerapo Dulwich Hamlet ndi Fulham ali pa sukulu ku England, inaluza kwa Italy movutikira 2-1. Britain inatulutsidwa gemu yoyamba yomwe ndi Norway 3-1, chizindikiro choti timu ya osalipidwa ija siingakwanitsenso. Fainolo yake ndi yokhayo mu mbiri ya mipikisano ikuluikulu imene sinathe. Belgium ikutsogola 2-0, chimodzi cha penate, oyimbira wa ku England John Lewis wa zaka 65 anatulutsa Karel Steiner wa Czechoslovakia chigawo choyamba chisanathe, anzake onse anangomutsatira kutuluka mbwalo osabwereranso, amati oyimbira akukondera komanso asilikali a Belgium amene anazungulira bwalo amawaopseza. Anawachotsa mu mpikisano osawapatsa ngakhale siliva, inapita kwa Spain.

Tsopano 1924 ku Paris, apa mpamene nyenyezi zija zikuyambira. Mpikisano wa mpira ku Olympics imeneyi unayendetsedwa ndi FIFA yeniyeni, matimu 22, ndipo kwa nthawi yoyamba kunabwera timu ya ku South America. Ku Ulaya palibe amaidziwa Uruguay, kadziko ka anthu osakwana 2 miliyoni. Ndalama za ulendo kunalibe, mkulu wina wa mpira Atilio Narancio anaika nyumba yake chikole kuti apeze matikiti, anyamata anakwera sitima mkalasi yotchipa, atafika ku Spain anayamba kusewera magemu opimana mphamvu mzinda ndi mzinda kuti apeze ya chakudya ndi yopitirizira ulendo, magemu 9 ndipo onse anawina. Awa sanali ana a mabwana ayi, kaputeni José Nasazzi ntchito yake inali yosema miyala ya marble, José Leandro Andrade amaimba ng'oma ku carnival.

Atafika ku Paris Yugoslavia inadya 7-0, United States 3-0, eni nthaka France 5-1, Netherlands inalimbalimba koma inagwa 2-1, ndipo pa 9 June pa bwalo la Colombes Switzerland inagonja 3-0 mu fainolo. Anthu a ku Ulaya anali asanaonepo mpira wotero, ndipo amene anawazunguza mitu kwambiri ndi Andrade, wakuda, wosewera pakati chakumanja, manyuzipepala a ku France anamutcha chodabwitsa chakuda, ndi iye wosewera wakuda woyamba kutchuka padziko lonse, zaka zoposa 30 Pelé asanamveke. Anamwalira mu 1957 ali mphawi wotheratu ku Montevideo, pamene mwana wa mlongo wake Víctor Rodríguez Andrade anali atawina kale World Cup ya 1950. Fainolo ya ku Paris ija itatha osewera a Uruguay anazungulira bwalo kuthokoza masapota, ndipo kuzungulira ndi chikho kumene timaona lero kunachokera pamenepo. Mu October chaka chomwecho Argentina inawaitana ku Buenos Aires, Cesáreo Onzari anamenya kona mpira nkulowa wokha osakhudzidwa ndi munthu, lamulo lololeza chigoli chotere linali litangosinthidwa miyezi yochepa mmbuyomo, nde chifukwa anamwetsa akatswiri a Olympics mpaka pano chigoli cha pa kona chimatchedwa cha Olympic. Egypt nayo ku Paris ko inadabwitsa, inachotsa Hungary 3-0, Hungary imene inkaonedwa ngati imodzi mwa matimu oopsa ku Ulaya.

Mu 1928 ku Amsterdam Argentina inati nafenso tipita, ndipo fainolo inakhala ya anansi okhaokha, yoyamba 1-1, yobwereza Uruguay 2-1 chigoli cha Héctor Scarone. Egypt inafika semifainolo itaswa Turkey 7-1 ndi Portugal 2-1, kenako zinavuta, Argentina 6-0, Italy 11-3 pa gemu ya malo achitatu, koma nambala 4 padziko lonse mu 1928 si zocheza, ndipo tikamakamba za Morocco ya ku Qatar mu 2022 tizikumbukirako kuti timu ya ku Africa inafikapo ndime ya matimu anayi pa mpikisano wa FIFA zaka 94 mmbuyomo. A Uruguay amati mipikisano iwiriyi, 1924 ndi 1928, inakonzedwa ndi FIFA ndipo panthawiyo panalibe ina yoposa pamenepo, choncho anali akatswiri a dziko lonse, nchifukwa chake nyenyezi zinayi. Kwa ine mfundo yawo ili ndi mutu, kungoti akatswiri olipidwa a England, Scotland ndi Austria kunalibe, komano ku World Cup ya 1930 nakonso kunalibe ndipo palibe amaitsutsa.

Pofika nthawi imeneyi bodza la osalipidwa lija linali litafika poti silingabisikenso. Maiko ambiri amapatsa osewera ndalama yobwezera malipiro amene aluza kuntchito akapita kukasewera, FIFA inavomereza zimenezi, akuluakulu a Olympics amanyinyirika, ndipo mabungwe anayi a ku Britain anakwiya nkutuluka mu FIFA mu 1928. Aka kanali kachiwiri, anatulukanso 1920 pokana kusewera ndi maiko amene anamenyana nawo pa nkhondo. Anadzabwerera 1946, ndipo World Cup yawo yoyamba mu 1950 England inakaluza kwa United States 1-0. Mbali inayi Austria inali itavomereza mpira wolipidwa mu 1924, Czechoslovakia 1925, Hungary 1926, kutanthauza kuti matimu abwino kwambiri a pakati pa Ulaya sangapitenso ku Olympics ndi osewera awo enieni.

Makalabu a kumeneko akayamba kulipira osewera amafunika ndalama za pa geti zambiri, nde Hugo Meisl wa ku Austria anabwera ndi nzeru ya Mitropa Cup mu 1927, makalabu apamwamba a Austria, Hungary, Czechoslovakia ndi Yugoslavia, kenako Italy, kusewera pakwawo ndi koyenda nkuphatikiza zigoli. Zimene mumaonera Lachiwiri ndi Lachitatu usiku mu Champions League kholo lake ndi limeneli, European Cup inadzayamba 1955. Oyamba kuwina ndi Sparta Prague atagonjetsa Rapid Vienna. Unali mpikisano waukali, mu 1932 Juventus ndi Slavia Prague anachita chipolowe mu semifainolo mpaka onse awiri kuchotsedwa, Bologna nkupatsidwa chikho osasewera fainolo. Meisl yemweyo anayambitsanso mpikisano wa matimu a maiko a chigawocho umene umatenga zaka zingapo kuti uthe, woyamba unayamba 1927 nkutha 1930, Italy inawina.

Nde Jules Rimet ndi Henri Delaunay a ku France anaona kuti FIFA ikapanda kukhala ndi mpikisano wake wolola aliyense, olipidwa ndi osalipidwa, ithera pompo, makamaka kuti Olympics ya 1932 ku Los Angeles inalibe mpira nkomwe. Msonkhano wa ku Amsterdam mu May 1928 unavomereza, wa ku Barcelona mu 1929 unapereka mwayi kwa Uruguay. Italy, Spain, Netherlands ndi ena amaufunanso, koma Uruguay inalonjeza chinthu chimene ena onse sanalonjeze, kulipira ulendo ndi malo ogona a timu iliyonse, kuphatikizapo kumanga bwalo latsopano la Centenario pokumbukira zaka 100 za malamulo a dziko lawo. Ngakhale zinali zaulere choncho a ku Ulaya anakanabe, chifukwa sitima imatenga masabata awiri kupita, awiri kubwera, wosewera asowe miyezi iwiri, makalabu ndi mabwana a kuntchito sanalole. Kunapita anayi okha, France, Belgium, Romania ndi Yugoslavia, ndipo ku Romania zinatengera mfumu Carol kulowererapo kuti makampani apereke tchuthi kwa osewera. Atatu oyambawo anakwera sitima imodzi ya Conte Verde pamodzi ndi Rimet ndi chikho chomwe, nkutengeranso Brazil ku Rio, akuchita mafizo pamwamba pa sitima. Egypt inali pa mndandanda koma namondwe wa pa nyanja ya Mediterranean anaichedwetsa mpaka sitima inaisiya.

Za 1930 zenizenizo ambiri mukuzidziwa, matimu 13, chigoli choyamba Lucien Laurent wa France, fainolo Uruguay 4 Argentina 2, chigawo choyamba mpira wa Argentina chachiwiri wa Uruguay chifukwa anakanika kugwirizana, chigoli chomaliza Héctor Castro amene analibe dzanja limodzi. Chimene chimaiwalika nchoti imeneyi inali fainolo ya Amsterdam yobwereza, Nasazzi, Andrade, Scarone ndi Pedro Cea anali atawina kale 1924 ndi 1928. Uruguay inasunga mangawa ndi kukana kwa a ku Ulaya kuja, mu 1934 ku Italy inakana kupita, ndipo mpaka lero ndi katswiri yekhayo amene sanapite kukateteza chikho chake. Egypt inapita ulendo umenewo, timu yoyamba ya ku Africa ku World Cup, inaluza 4-2 kwa Hungary ku Naples, zigoli zonse ziwiri Abdelrahman Fawzi.

Kuno kwathu kummawa kwa Africa nkhani ndi yomweyo ya wabizinesi ndi chikho, kungosintha katundu, uku kunali sopo. Mu 1926 kampani yopanga sopo ya Gossage ya ku England inapereka chikho choti Kenya ndi Uganda azilimbirana, nthawi imeneyo onse ali pansi pa atsamunda, ndipo choyamba chinapita kwa Kenya. Taonani chakacho, 1926, World Cup kulibe, Mitropa kulibe, AFCON ikadali zaka 31 kutsogolo. Tanganyika inalowa mu 1945, Zanzibar pambuyo pake, ndipo Uganda ndi imene inachitenga kambiri. Uwu ndiye mpikisano wa maiko wakale kwambiri mu Africa, koma simudzaumva ukutchulidwa akamakamba mbiri ya mpira wa dziko lonse, mwina chifukwa amene amasewerawo FIFA simawawerenga ngati maiko, anali madera olamulidwa ndi London.

AFCON yoyamba mu February 1957 ku Khartoum inali yaing'ono kuposa Gossage ya nthawi imeneyo. Amayenera kukhala matimu anayi, Egypt, Sudan, Ethiopia ndi South Africa, koma South Africa inati itumiza timu ya azungu okhaokha kapena ya akuda okhaokha, yosakaniza ayi, enawo anakana ndipo inatsala. Ethiopia inangolowa fainolo osagunda mpira, Egypt inachotsa Sudan 2-1 nkuswa Ethiopia 4-0, zigoli zonse zinayi Ad-Diba. Mpikisano wonse magemu awiri basi.

Chikho cha Gossage chinatha ndi dzina limenelo mu 1966, chinasintha kukhala East and Central African Senior Challenge Cup, ndipo kuyambira 1973 chili mmanja mwa CECAFA. Akuluakulu akamati Flames inatenga East and Central, ndi chimenechi. Mu 1978 Malawi inachita nawo pakhomo ikuphunzitsidwa ndi Ted Powell, muli Kinnah Phiri ndi Jack Chamangwana, nkugonjetsa Zambia 3-2 mu fainolo, chaka chotsatira inakateteza ku Kenya itaswa eni ake 3-2. Zambia inabweza mu 1984 pa ma penate, ndipo mu 1988 Malawi inachitenganso kachitatu pakhomo, Zambia yomweyo 3-1. Pambuyo pake maiko awiriwa anatembenukira kummwera ku COSAFA, imene chikho chake cha matimu akuluakulu chinayamba mu 1997, nacho ndi ndalama za kampani, ulendo uno ya mowa wa Castle.